Nsalu Zimene Ndinachapa

1

Ndimadzuka kusanayere. Ndimakoleza mbaula, kutereka madzi, kusesa pakhomo, kenako kuthamangira kumpopi mzere usanatalike. Ndikabwerako ndi kutsuka mbale za dzulo, kusita malaya a bambo a kunyumba, kusambitsa mwana, kumudyetsa, basi ulendo wa kumsika kumene ndimagulitsa tomato ndi anyezi pa benchi ya apongozi anga. Masana ndimabwerera kudzaphika. Dzuwa likapendeka, kuchapa.

Ntchito sindiiopa. Manja angawa anaizolowera ndili kamwana. Imodzi yokha ndi imene imandichedwetsa, kuyanika. Ndikaima pa chingwe ndimangopezeka ndikuwerenga nsalu, ngati kumbuyo kwanga kwaima munthu woti andifunse kuti zilipo zingati.

"Ukuopa akuba?" ankatero apongozi kale. "Nsanza zakozo angabe ndani?"

Masiku ano safunsanso.

Ndili ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi. Sukulu ndinasiyira panjira, mimba itayamba kuoneka mu yunifolomu. Kwathu amanditchula Mzime chifukwa ndine wotsiriza kubadwa. Tinabadwa awiri, ine ndi achemwali anga. Tsopano ndatsala ndekha, ndipo ndikufuna ndikuuzeni mmene zinachitikira, osati mmene banja lathu linkafotokozera pa maliro.

2

Achemwali ndi amene anandilera. Atakwatiwa ndi alamu anga, omwe ndi kalipentala, ananditenga kukakhala nawo. Nditatenga mimba, tsiku loyamba anandimenya mbama, tsiku lachiwiri anayamba kusoka matewera. Iwo anali atakhala pabanja zaka zisanu ndi zinayi opanda mwana. Mimba zitatu zinapita padera. Yachinayi ndiyo inagwira, ndipo inafika pochira ine nditakwatiwa kale, mwana wanga wamwamuna ali ndi miyezi isanu.

Tsiku lawo litayandikira, panafunika gadiyani, munthu wokhala ndi wodwala kuchipatala n'kumamusamalira. Amayi athu miyendo inawakana kalekale. Ndiye ndani winanso?

"Kuchipatala salola gadiyani kulowa ndi khanda," ndinawauza apongozi.

"Ndiye ukufuna ndiyamwitse ine?"

"Masiku awiri okha, amayi. Mwana wayamba kale kulawa phala."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. "Awiri. Ndikuwerenga."

Ndinalongedza beseni, ndowa, sopo, fulasiki, makapu awiri, pepala lapulasitiki loyala pabedi, ndi nsalu khumi zimene achemwali anachapa n'kusita okha. Anazipinda bwinobwino ngati zopita nazo ku ukwati.

3

Mu wodi ya amayi munali mabedi makumi awiri ndi anayi, koma amayi anali oposa makumi anayi. Ena awiri pa bedi limodzi, mutu uku miyendo uku. Ena pa matiresi pansi. Ena pa nsalu basi, m'mphepete mwa khoma. Kuti wodwala wako asambe madzi otentha, amwe tiyi, agone pouma, zinali kwa iwe gadiyani. Tinkawiritsa madzi kuseri kwa wodi, pa kashedi ka malata, n'kumalowa nawo mozemba mayi wokolopa, amene ankaona phazi lililonse ngati mdani wake.

Masana wodi yonseyo inali m'manja mwa namwino mmodzi, mayi wachikulire, wamfupi, wa magalasi ochindikala. Tonse tinkangoti a Magalasi. M'mawa uliwonse ankatiika pamodzi ife magadiyani pakhonde.

"Mundimvere bwino. Mayi akachira, magazi amatuluka, n'zachibadwa. Koma pali kutuluka ndi kutuluka. Nsalu iliyonse imene mayi wasintha muiike m'ndowa pansi pa bedi. Osachapa mpaka ine nditaiona. Inu mulipo makumi anayi, ine maso anga ndi awiri. Ndowayo ndiye diso langa lachitatu."

"Lachitatu bwanji, anamwino?" anatero mayi wina wolongolola amene ankadikirira mwana wake wobereka mapasa. "Ndi magalasiwo si lachisanu?"

Tinaseka tonse, ngakhale a Magalasiwo. Koma atangotembenuka, mayi wokolopa analowa ndi chikolopa chake.

"Ndowa zonunkhazi kunja! Mukufuna ntchentche zidye makanda?"

Ndiye umvere ndani? Chinanso, madzi a kumpopi wochapira ankasiya nthawi ya nkhomaliro, osabweranso mpaka mawa. Wochedwa kuchapa, wodwala wake ankagona pa zonyowa.

Masiku awiri a apongozi anatha achemwali akungoyendayenda pakhonde atagwira m'chiuno. Mwana osabwera. Ine mawere anali atauma gwa ngati miyala, mkaka ukudontha mpaka kunyowetsa bulauzi. Ndinkakafinyira kubafa, ndikulira mwakachetechete kuti achemwali asamve.

4

Tsiku lachitatu m'mawa, dzuwa litangotuluka, achemwali anachira. Mwana wamkazi, wonenepa, tsitsi bii. Alamu analira pa foni ngati kamwana.

Apa ndiye ndinaonetsa kuti ndine ndani. Ndinali nditaona kale kuti mayi wa pabedi la pawindo, kumapeto kwenikweni kwa wodi, atuluka m'mawa umenewo. Asanamange n'komwe katundu, ine ndinali nditakhazika beseni langa pamenepo. Achemwali anapeza bedi laokha, la matiresi osang'ambika, kamphepo kakulowa. Kunali kutali ndi tebulo la anamwino, koma ine ndinaona ngati ndawapezera nyumba yachifumu.

Ndinawapukuta ndi madzi otentha thupi lonse. Ndinawapesa tsitsi. Ndinawathirira tiyi wa shuga wambiri, n'kuwatikita mapazi.

"Mzime," anatero akumwetulira, maso ali pa khanda lawo, "ukanapitiriza sukulu ukanakhala namwino iwe."

"Ndikanakhala wokolopa. Mwaona mmene amaopedwera?"

Anaseka mpaka kugwira pamimba. "Usandiseketse, mwana iwe, pakupweteka."

Chifukwa cha kuchepa kwa mabedi, lamulo la mu wodimo linali lakuti mayi amene wachira bwino m'mawa, magazi akakhala ochepa, amalembedwa masana kuti atuluke madzulo omwewo. Wotaya magazi ambiri ankatsala masiku awiri kapena atatu.

Cha m'ma 11 koloko mlonda anandiitana kuti kugeti kuli mlendo. Anali bambo a kunyumba, nkhope ili ndwii.

"Mwana wayamba kutsegula m'mimba. Phala akukana, botolo akukana. Mawu anatha n'kulira."

"Achemwali angochira kumene."

"Ndiye achira, si choncho? Watsalira chiyani?"

"Akawatulutsa madzulo ano ndibwera."

"Akapanda kuwatulutsa? Amayi akuti ukagonanso kuno, ukatengeretu katundu wako. Mwana wa eni wabadwa, wako akufa. Uganize bwino."

Ndinabwerera mu wodi. Akuluakulu amati mapanga awiri avumbwitsa. Tsiku limenelo ndinamvetsa.

Achemwali anali atayamba kumva ludzu. Ndinawapatsa madzi, anamaliza kapu, anapemphanso ina.

"Kukuzizira, Mzime."

Kunja dzuwa linali likuswa mtengo. Ndinatseka windo, ndinawafunditsa bulangete lathu. Anati sikukwanira. Ndinakabwereka lina kwa mayi wa mapasa uja.

"Ndi kutopa," anatero mayiyo. "Ine woyamba wanga ndinanjenjemera ngati nkhuku yonyowa. Asiye agone."

A Magalasi anafika pabedi lathu cha m'ma 1 koloko, thukuta lili kamukamu. Anayang'ana khanda, anayang'ana nsalu imene achemwali anavala, anafunsa zofunsa zawo. Asanamalize, kuchipinda choberekera kunamveka kukuwa, wina akuitana namwino. Analemba msangamsanga pa khadi.

"Mutuluka madzulo. Ndibweranso ndidzawaone bwinobwino."

Anathamanga. Sanabwerenso, chifukwa uko kunali mwana wobwera chamiyendo.

Ndinayamba kulongedza. Achemwali anali atagona, akuyasamula pafupipafupi ali m'tulo. Cha m'ma 3 koloko khanda linayamba kulira.

"Achemwali, dzukani mumuyamwitse."

Zii.

"Achemwali."

Ndinawagwira pachipumi. Panali pozizira, ponyowa. Milomo inali itayera ngati phulusa. Nditavundukula mabulangete awiri aja, ndinaona kuti pepala lapulasitiki limene ndinayala kuti matiresi asade linali litasunga zonse, ngati beseni.

Sindikumbuka kuti ndinakuwa mawu otani. Ndikumbuka a Magalasi akuthamanga nsapato imodzi itavuka, akukanikiza mimba ya achemwali ndi manja onse awiri, akuitana dilipi, akuitana adokotala. Ndikumbuka kabedi ka matayala kakugunda miyendo ya amayi ogona pansi. Analowa nawo ku fiyeta, kuchipinda cha opaleshoni. Magazi owapatsa analipo paketi imodzi yokha.

Dzuwa lisanalowe, adokotala anatuluka atavula chipewa. Ine ndinali pa benchi ndi khanda likulira m'manja. Ndinatsegula bulauzi n'kulipatsa bere. Linayamwa ngati likundidziwa.

5

Bokosi la achemwali alamu anakhoma okha. Sanalole munthu wina kugwira hamala.

Maliro atatha anatenga khadi lija kupita nalo kwa mnzawo wodziwa kuwerenga zolemba za kuchipatala. Panali polembedwa ndi dzanja la a Magalasi kuti magazi ndi ochepa, mayi atha kutuluka. Nthawi: 1 koloko. Maola awiri munthu asanakomoke.

"Anandiphera mkazi ndi cholembera," anatero alamu. Analemba kalata yodandaula, anakaipereka okha, ndipo sanagone mpaka akuluakulu a chipatala ataitanitsa msonkhano.

Anandiitana ngati mboni. Ndinalowa ndi khanda la achemwali, la masabata atatu. Kuseri kwa tebulo kunali anthu anayi. A Magalasi anali pa mpando wapakona, manja ali pamiyendo.

"Namwinoyu anamuyeza wodwala wanu?" anafunsa bambo wa tayi.

"Anaima pang'ono, kenako anaitanidwa."

"Anabweranso?"

"Ayi."

"Pali china chimene mukufuna kutiuza?"

Khanda linayamba kudandaula. Ndinaliika kubere, n'kuweramitsa mutu.

"Palibe."

"Nanga inu, anamwino?"

A Magalasi anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo nthawi yaitali. Anayang'ananso khandalo.

"Ndinalemba ndine," anatero. "Palibe chowonjezera."

Anawachotsa ntchito, patatsala zaka zitatu kuti apume.

Ine ndinakhala ngwazi. Mwana wanga anachira pa masiku awiri, kunali kumera mano chabe. Ndinayamwitsa onse awiri, wina uku wina uku, mpaka ndinatsala mafupa okhaokha. Apongozi omwe aja ankandiloza kwa anzawo kumsika kuti, "Mpongozi wangayu ndi mayi weniweni." Alamu ankabwera Loweruka lililonse ndi sopo ndi shuga. Anakhomera mwana wawo kabedi, kenako kampando. Akamachoka ankati, "Mlamu, Mulungu yekha ndiye adzakulipire." Ndipo sankatuluka pakhomo osatukwanako namwino uja.

Mwanayo atayamba kulankhula, mawu ake oyamba anali akuti amama. Ankanena ine.

6

Patatha zaka ziwiri, mwanayo anadwala chifuwa. Ndinapita kukagula mankhwala pa kasitolo kena ka mankhwala kuseri kwa depoti ya basi, kumene ndinali ndisanalowepo. Ndinaika botolo lakale pa kauntala kuti wogulitsa aone dzina. Dzanja limene linalitenga ndinalizindikira ndisanaone nkhope.

Tsitsi linali litachita imvi. Magalasi anali omwe aja, omangidwa ndi ulusi mbali imodzi.

Ndinafuna kuthawa, koma mwana anali atagwira kale maswiti a pa kauntala.

"Ndi yemwe uja?" anafunsa.

"Eya."

"Wakula bwino. Wasiya kuyamwa?"

"Chaka chatha."

Anagwedeza mutu. Anatenga mankhwala pa shelefu, anawakulunga, analemba kamwedwe kake. Kenako, osakweza mawu, ngati akufunsa mtengo wa tomato, anati:

"Zinali zingati, mwanawe?"

Apa ndiye ndikuuzeni chimene ndinadumpha.

Kuyambira m'mawa achemwali ankasintha nsalu pafupipafupi. Iliyonse inkatuluka yolemera, yofinyika. Ndinkaziika m'ndowa monga anatiuzira. Nditabwerako kugeti kuja, ndinasuzumira m'ndowamo. Ndinadziwa kuti a Magalasi akaona zimenezi, achemwali satuluka lero, mawa, mwina ngakhale mkuja. Ndinadziuza kuti ndikuopa mayi wokolopa. Ndinadziuza kuti madzi atsala pang'ono kusiya. Ndinanyamula ndowa ija kudzera khomo lakuseri, ndinachapa zonse mpaka madzi kuyera, ndinayanika. Nditamva kuti namwino wayandikira, ndinawaveka achemwali nsalu yatsopano.

A Magalasi atafika anawerama kuyang'ana pansi pa bedi.

"Ndowa ili kuti?"

"Ndatsuka. Mayi wokolopa anakalipa."

"Ndinati chiyani m'mawa? Chabwino, asintha nsalu zingati chichirireni?"

Achemwali anatsegula maso pang'ono, anandiyang'ana. Ankadziwa kuti mwana wanga akudwala, ndinali nditawauza. Anatsekanso maso.

"Ziwiri," ndinatero.

Mu sitolo muja, mawu anatuluka okha.

"Zisanu ndi ziwiri."

"Ndikudziwa," anatero a Magalasi. "Atamwalira ndinatuluka kuseri kukapuma mpweya. Ndinaziona pa chingwe, zamaluwa ofanana ndi imene anavala. Ndinawerenga kawiri. Unachapa bwino kwambiri."

"Nanga bwanji simunanene pa msonkhano paja?"

"Ndinene kuti chiyani? Ndinalakwa nane. Ndinakhulupirira pakamwa m'malo mwa ndowa, dzanja langa osaliika pamimba. Zaka makumi atatu pa ntchito, ndinkadziwa bwino." Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi m'mphepete mwa malaya. "Komanso unali ukuyamwitsa. Ndikanalankhula, bambo ake akanakulanda mwanayu tsiku lomwelo. Khanda la masabata atatu lopanda bere, ndaona ambiri mmene amathera. Tsiku lija ndinataya mayi. Sindinafune kutayanso mwana."

Ndinagwada pansi mu sitolomo.

"Dzuka, ukuopseza makasitomala. Supuni imodzi katatu pa tsiku, akatha kudya."

"Ndichite chiyani, amayi?"

"Mwana wasiya kuyamwa," anatero. "Zotsalazo ndi zako."

7

Ndinakhala nazo masabata awiri. Loweruka lina alamu anabwera ndi tinsapato tatsopano ta mwana, ndipo potsanzika anayambanso kuti, "Mfiti ya magalasi ija, kumene ili..." Lolemba m'mawa ndinawatsatira ku shedi yawo.

Ndinawapeza akupala thabwa. Ndinaima pa utuchi n'kunena zonse, kuyambira kugeti mpaka pa chingwe. Sanasiye kupala. Thabwalo linapyapyala mpaka kuthyoka.

"Zingati?"

"Zisanu ndi ziwiri."

"Iwe unati?"

"Ziwiri."

"Mkazi wanga anamva?"

"Anamva."

Anakhala pansi pa benchi, anayang'ana manja awo.

"Anakulera pakhomo panga iwe. Mbale imodzi."

"Eya, alamu."

"Ndinachotsetsa munthu ntchito."

Anaimirira.

"Ukamulongedzere mwana wanga zovala. Ndibwera mawa."

Anabweradi, ndi mlongo wawo amene amakhala ulendo wa tsiku lathunthu pa basi. Sanatukwane, sanandimenye. Ananyamula kabedi, kampando, chikwama. Mwana anaganiza kuti ndi ulendo wokayenda, anakwera pamsana pa azakhali ake akuseka. Atafika pa msewu n'kuona kuti ine ndatsala pakhomo, ndi pamene anayamba kuitana amama. Ndinamumva mpaka pokhota.

Kuchipatala ndinapitanso ndekha. Mlembi analemba zonse zimene ndinanena, anandidinditsa chala, n'kundiuza kuti nkhaniyo inatsekedwa kalekale. Alamu anapita ku sitolo kuja kukapepesa. Ndinamva kuti a Magalasi anawalandira bwino, n'kuwagulitsa mankhwala a mutu.

8

Inu amene mukuwerenga, makamaka inu amayi anzanga amene tsiku lina mudzanyamule beseni ndi fulasiki kuperekeza m'bale wanu kukachira. Ine ndinachita zonse zimene gadiyani wabwino amachita. Bedi labwino ndinapeza. Madzi otentha, tiyi, mabulangete awiri, mapazi ndinatikita. Achemwali anafa ali aukhondo, ofunda bwino, tsitsi lopesa. Palibe wodwala mu wodi monsemo amene anasamalidwa kuposa iwo.

Munthu wanu akati kukuzizira dzuwa likuwala, musamufunditse, vundukulani muone. Akamwa madzi kapu yachitatu, itanani namwino, ngakhale akukalipireni. Nsalu musachape. Inunkhe, ntchentche zibwere, wokolopa atukwane mpaka mawu athe. Akakufunsani kuti zingati, nenani zimene zilipo.

Sindikupempha kuti mundimvere chisoni. Amati mlandu suola, ndipo wangawu ndikuusenza ndekha. Ndingokuuzani chimene bodza la mawu amodzi linadya.

Achemwali anga, a zaka makumi atatu ndi chimodzi, amene anakhala mayi kwa maola khumi. Ntchito ya namwino wa zaka makumi atatu, pamodzi ndi dzina lake labwino. Mwana amene ndinamuyamwitsa miyezi khumi ndi isanu ndi itatu, yemwe tsopano akuti amama kwa munthu wina. Alamu akandiona kumsika amawoloka msewu. Amayi athu amandiyankha moni, koma maso awo amakhala pakhoma. Mwana wanga amafunsabe kuti mlongo wake abwera liti, ndipo m'mawa ndimapezeka ndatsuka makapu awiri a ana.

Banja limene ndinkaliteteza lija lilipobe. Katundu wanga sanamutulutse. Mwana anali kungomera mano.

Nsalu zisanu ndi ziwiri zija zili m'sutikesi pansi pa bedi langa. Ndinakazianula ndekha m'mawa mwake. Zilibe banga ngakhale limodzi.